Mutu 5: Tsiku Limene Bolodi la Achemwali Linatsukidwa

1. Zimene achemwali anasiya

Achemwali anga a Sharifa sanasiye zambiri. Anasiya makapulana, zitenje za kuno, odzaza sutikesi, mapoto, njinga yopanda mabuleki, ndi tabuleti yosweka galasi pakona.

Titachita sadaka ya arubaini, imene kwathu ku Mandimba imatsekera maliro, azimayi anayala mkeka pakhonde nagawa katunduyo. Makapulana anapita kwa azakhali ndi asuweni. Mapoto anatenga amayi aang'ono. Tabuleti anaiika m'manja mwanga ndi amjomba a Rajabo, mlongo wawo wa malemu amayi athu.

"Wa sukulu ndiwe, Jamali," anatero. "Ife tingaisandutse mbale yopeperapo mpunga."

Wa sukulu ndinali kale. Ndinkaphunzira za uphunzitsi ku Cuamba, ndipo amene ananditumiza kumeneko ndi achemwali omwewo. Atadwala ndinasiya makalasi kuti ndiziwayang'anira kuchipatala cha komweko. Atamwalira ndinakwera galimoto limodzi ndi thupi lawo, ndipo ku Cuamba sindinapondekonso. Mabuku anga anatsala pansi pa bedi la mnzanga.

M'tabuletimo munali ntchito yawo. Achemwali ankaphunzitsa Chipwitikizi amayi ogulitsa malonda. Amayiwa pamsika simungawathe, kaya m'Chinyanja kaya m'Chiyao, koma akafika pamaso pa dokotala kapena mu ofesi ya boma, pakamwa pamauma. Poti amakhala motalikirana, ena ku Mitande, ena ku Ngauma, ankakumana pa foni Lolemba ndi Lachinayi masana, msika ukayamba kuzizira.

Chida chawo chachikulu chinali bolodi loyera la pa intaneti. Aliyense amaliona pa foni yake, ndipo onse amatha kulembapo ndi chala nthawi imodzi. Aliyense anali ndi mtundu wake. Mayi Zaituni, ogulitsa nsomba zouma ku Mitande, anali wofiira. Mayi Laurinda a nyemba ku Ngauma anali wobiriwira. Mayi Mwanahawa, aakulu pa onse, amene amakazinga zitumbuwa pafupi ndi malire a Malawi, anali wabuluu. Wakuda unali wa achemwali.

Ndikabwera kutchuthi ndinkawamva ndili kuchipinda. Achemwali amajambula sikelo, amayi n'kumakokerapo matimati ndi nyemba uku akukanganirana mtengo m'Chipwitikizi. Tsiku lina amajambula msewu wa ku Cuamba ndi kashapa kakang'ono, minibasi zathu zija, ndipo woyankha bwino amakakankhira kutsogolo. Mayi Laurinda amakagwetsera dala mumtsinje kuti anzawo akavuule. Kunkakhala phokoso ngati kuchinkhoswe.

Phunziro lomaliza linali la kuchipatala. Achemwali anajambula munthu wa mutu waukulu ndi miyendo yoonda ngati ya kakowa. Anaika mivi ndi mayina a ziwalo: cabeça pamutu, peito pachifuwa, barriga pamimba, costas kumsana, joelho pabondo. Pansi analemba mawu ouza dokotala: Dói-me aqui, kutanthauza kuti pakundipweteka apa. Polemba zimenezi thupi lawo linali litayamba kale kutentha.

Bolodi limeneli lili ndi khalidwe lina. Ukakhudza mawu, pamatuluka dzina la amene anawalemba. Ndinkakhudza cabeça, n'kutuluka Sharifa. Ndinkakhudza bondo, n'kutuluka Sharifa. Chithunzi cha phunzirolo ndinajambula n'kusunga, koma chithunzi ngakhale uchikhudze bwanji sichitchula dzina la munthu.

Pakona ya bolodi pali kaloko. Ndinakadina. Kuyambira tsiku limenelo amayi ankangoona, osatha kulembapo.

2. Kalasi ya anthu osalankhula

Amayi aja ndi amene anandipempha kuti ndipitirize kalasi. Ndinavomera. Ndinkakhala pakhonde, tabuleti pamiyendo, n'kumawawerengera malamulo a Chipwitikizi monga ankatiwerengera kusukulu.

Tsiku loyamba lomwe mayi Zaituni anandidula mawu.

"Achimwene, chala changa chikukana kulemba. Kodi foni yanga yafa?"

"Foni yanu ili bwino, mayi. Bolodi ndatseka."

"Mwatseka? Ndiye ife ntchito yathu ndi yotani, kuomba m'manja?"

"Ntchito yanu ndi kumvetsera. Nenani pambuyo panga."

Ananena pambuyo panga sabata yoyamba. Sabata yachiwiri ndinayamba kumva zina. Kwa wina mbuzi imalira. Kwa wina mafuta amathetheka m'chiwaya. Ndikafunsa funso amandiyankha ndi tambala wa ku Mitande.

Mayi Laurinda amapeza redi, monga timatchulira netiweki kuno, pokhapokha akakwera pachulu kuseri kwa nyumba yawo. Lolemba lina anati, "Aphunzitsi, fulumirani, nyerere zandimaliza pano."

"Kodi zayamba lero nyererezo?"

"Zinalipo. Koma apulofesola akamaphunzitsa sindinkazimva."

Palibe anaseka. Apulofesola anali achemwali anga, ndipo aliyense anamva kulemera kwa dzinalo.

Anthu anayamba kuchepa. Wina akuti foni yatha moto, wina akuti mwana wadwala. Anatsala atatu aja okha, ndipo tsiku limenelo mayi Zaituni analankhula mosabisa.

"Achimwene, musakwiye. Ife timasiya malonda padzuwa kuti tikhale pano. Ngati n'kumvera munthu akulankhula, wailesi tili nayo. Lachinayi likakhala ngati lero, tisiyane bwinobwino. Tibwerere kumene tinali, kumapempha ana a eni kuti akatimasulire matenda athu kwa dokotala."

"Chabwino," ndinayankha. Ndinatseka kalasi osatsanzika.

3. Mawu a amjomba

Amjomba a Rajabo ndi telala. Makina awo amakhala pakhonde la golosale, m'mbali mwa msewu wopita kumalire. Lachitatu m'mawa anandiitanitsa. Ndinawapeza akusoka diresi, ulusi uli pakamwa.

"Khala apo. Zaituni anadzera pano dzulo ndi mtanga wake wa usipa. Akuti wawatsekera kunja."

"Makapulana munagawana, amjomba. Mapoto munagawana. Bolodi lokha ndisiyireni."

Amjomba anaimitsa makina. Analavula ulusi uja, napukuta magalasi awo ndi kansalu.

"Ndimvere, muphwa wanga, ndipo usandidule. Dzana ndinakumana ndi azakhali ako akuchokera kumunda wa chinangwa. Anavala kapulana yachikasu ija, imene mlongo wako ankavala pa Idi. Inali itada ndi dothi, kumapeto itakoledwa ndi minga. Mtima wanga unapweteka. Ndinafuna kunena kuti vulani. Koma nditayenda pang'ono ndinathokoza Mulungu, chifukwa ndinaona mtundu wa mwana wathu ukuyenda pamsewu.

"Ukuganiza kuti akuluakulu anali ouma mtima poika mwambo wogawa zovala za malemu? Iwo anaferedwa iwe usanabadwe. Anaona kuti nsalu yotsekeredwa m'sutikesi simasungika. Imadyedwa ndi njenjete mwakachetechete, ndipo tsiku lotsegula umapeza zibowo zokhazokha. Ine ndine telala, nsalu zotere amandibweretsera kuti ndizisoke. Sizisokeka. Yovalidwa imang'ambika, inde, koma imang'ambika itafunditsa munthu.

"Chisoni ndi mlendo, Jamali. Chikafika umachiyalira mkeka, umachipatsa madzi, sumachithamangitsa. Koma makiyi a nyumba sumachipatsa. Iwe wachipatsa makiyi, ndipo tsopano ndicho chikusankha wolowa ndi wotsala kunja.

"China ndi ichi. Ukuyenda ngati unaferedwa wekha. Amayi aja anaphika pamaliro mpaka maso kufiira ndi utsi. Laurinda, Mkhristu, anachoka ku Ngauma pa njinga yamoto, anafika ali mbuu ndi fumbi, nakhala pansi ndi azimayi athu mpaka tinamaliza dua, mapemphero athu. Iwonso anataya munthu. Malo amene ankakumana naye ndi bolodi limenelo. Iwe waika loko pamalo pamene anzako akanalirirapo."

"Akalembapo awononga," ndinatero.

"Awonongadi. Sindikunamiza ayi. Ukatsegula, china chake chionongeka. Ukapanda kutsegula, chionongeka chonse, ndipo udzatsala wekha ndi kamunthu kako ka miyendo yoonda. Sankha wekha, ndiwe wamkulu. Za ku Cuamba ndi mabuku ako sindinena lero. Tsiku lake lilipo."

Anaponda makina. Ndinadziwa kuti amaliza.

4. Loko atachoka

Lachinayi masana ndinakhala pakhonde lathu. Mayi Zaituni ndi mayi Laurinda analowa m'kalasi. Mayi Mwanahawa sanaoneke. Foni yawo ili ndi vuto la anthu a kumalire: imathawira ku redi ya Malawi, n'kumatenga nthawi kuti ibwerere kwawo.

Ndinadina kaloko kaja.

"Ndatsegula," ndinatero. "Koma mverani. Lembani m'mbali, pamalo oyera. Zimene analemba achemwali musakhudze."

"Tamva, achimwene," anatero mayi Zaituni, ndipo asanamalize n'komwe mzere wofiira unali utayamba kuyenda pa bolodi.

Ndinawauza kuti aliyense ajambule chimene wagulitsa lero ndi kulemba dzina lake m'Chipwitikizi. Mayi Zaituni anajambula chinthu chachitali chokhala ndi diso limodzi.

"Kodi mwayamba kugulitsa nsapato?" anafunsa mayi Laurinda.

"Ndi mlamba uwu, inu. Peixe. Nanga zanuzo ndi nyemba kapena manyi a mbuzi?"

"Feijão. Ogula amazidziwa."

Anaseka mpaka mayi Laurinda anatsala pang'ono kugwa pachulu. Inenso pakamwa panga panafewa. Kuseka kwa m'kalasi imeneyi ndinali nditakuiwala.

Pamenepo mayi Mwanahawa analowa, akupuma mofulumira.

"Salaam aleikum. Pepani, foniyi inawolokera ku Chiponde, ku Malawi, osanditsanzika. Kodi ndikuona bwino? Bolodi latseguka?"

"Latseguka, mayi," ndinayankha. Malangizo aja sindinawabwereze. Ndinaiwala kuti iwo sanawamve.

"Alhamdulillah. Ndiye mundimvere, mwananga. Ndatembenuza foni, sindikuyang'ana."

Anayamba. Anatchula mutu, chifuwa, mimba, msana ndi bondo m'Chipwitikizi, mwa dongosolo lomwe achemwali analembera. Ananena mawu ouza dokotala. Anawonjezera ena amene achemwali anangowanena pakamwa osawalemba: tenho febre, thupi likutentha, ndi tenho tosse, ndikutsokomola. Sanaphonye ngakhale amodzi.

"Ndakhoza?"

"Mwakhoza zonse, mayi."

"Bismillah," anatero.

Ndinaona chofufutira chikuyenda pa bolodi, kadzina kabuluu kali pamwamba pake. Chinayambira kumutu. Chinatsika pachifuwa ndi pamimba, chinadutsa miyendo yoonda ija, chinasesa mawu a pansi. Ndisanawaletse, pakati pa bolodi panali poyera. Panatsala mlamba ndi nyemba m'mbali.



"Mayi, mwatani?" ndinafunsa.

"Ndatsuka, mwananga."

"Mwatsuka?"

Iwo anamva mmene mawu anga anatulukira. Anayankha pang'onopang'ono.

"Ife tili atsikana ku madrasa tinalibe makope. Tinali ndi ubawo, thabwa losalala. Mwalimu amakulembera phunziro pamenepo ndi inki. Umaliwerenga kufikira litalowa pamtima. Ukalinena osayang'ana, mwalimu n'kuvomera, umapita kukatsuka ubawo ndi madzi kuti alembepo lina. Tsiku lotsuka linali tsiku lachimwemwe. Ubawo wokhalitsa ndi phunziro limodzi unali wa mwana wosamva.

"Apulofesola nditawauza zimenezi anakondwa. Anati, mayi Mwanahawa, ntchito yotsuka bolodi ndi yanu. Phunziro lililonse tikaliloweza ndinkatsuka ndine. Ili lokha anapita tisanawanenere. Miyezi yonseyi ndimati ndikatsegula foni n'kuliona lili pomwepo, ndimachita manyazi. Ndimati mwana uja anavutika nalo akudwala, ife osalimaliza. Lero ndamaliza. Sindinadziwe kuti inu mumalisunga. Ndalakwa, mwananga?"

Ndinaika tabuleti pamkeka n'kupita kuseri kwa nyumba. Ndinaima pafupi ndi njinga ya achemwali, imene palibe anaifuna pa tsiku logawa, ndipo ndinalira monga sindinalirire tsiku la maliro.

5. Munthu wa mitundu itatu

Nditabwerera, kalasi inali isanatsekedwe. Amayi ankalankhulana motsitsa mawu.

"Mutu ukhale waukulu kuposa pamenepo."

"Ndikudziwa, ndisiyeni."

"Muvi wa msana unkachokera kumanzere."

Ndinanyamula tabuleti. Pakati pa bolodi panali munthu. Mutu unali wofiira, chifuwa ndi mimba zabuluu, miyendo yobiriwira. Mivi inali m'malo mwake. Mayina a ziwalo anali pomwepo, ena opendekeka, ena akuluakulu ngati a mwana woyamba sukulu.

"Miyendo ndaiondetsa dala," anatero mayi Laurinda atamva kuti ndabwera. "Ndi mmene ankajambulira. Tinkawauza kuti munthu wanuyu sangafike kuchipatala wapansi."

Mayi Zaituni anakonza kukhosi.

"Achimwene, pali njira yobwezera. Ife tikuidziwa. Tsiku lina mwana wanga anafufuta zonse, apulofesola anabweza bolodi mmene linalili poyamba kalasi. Koma ankati ziyenera kuchitika kalasi isanatsekedwe, ikatsekedwa basi zapita. Ndiye bwezani. Zathuzi zichoka, tikudziwa, palibe kanthu. Tangojambula kuti musapeze poyera."

Ankanena zoona. Ndinatsegula pamalo pake. Panatuluka funso lofuna inde kapena ayi. Ndikanadina inde, dzanja la achemwali likanabwerera, ndipo zonse zimene amayi analemba masana amenewo zikanafufutika.

"Bwezani, mwananga," anatero mayi Mwanahawa. "Ndipo mutsekenso, kuti nkhalamba ngati ine isakupwetekeninso."

Ndinakhudza cabeça. Panatuluka Zaituni. Ndinakhudza joelho, panatuluka Laurinda. Ndinakhudza peito, panatuluka Mwanahawa, mayi amene achemwali anawapeza akudziwa zilembo za Chiarabu zokha. Palibe amene anali ndi poonera. Phunziro lonse linatuluka m'mitu mwawo.

Ndinadina ayi.

"Silibwerera," ndinatero. "Latsukidwa bwino. Zikomo, mayi Mwanahawa. Zikomo nonse."

Kwa kanthawi ndinangomva wina akufwenthera. Kenaka mayi Zaituni anati, "Ndiye malizani ntchito. Pansipo tasiyira inu."

Pansi pa munthu uja panalidi malo opanda kanthu. Chilandirireni tabuleti ndinali ndisanalembepo pa bolodi limeneli. Ndinasankha mtundu wakuda, ndipo ndi chala ndinalemba: Dói-me aqui.

Mayi Laurinda anawakhudza mawuwo pa foni yawo.

"Taonani dzina latuluka."

Ndinakhudza. Panatuluka Sharifa. Tabuleti inali ikadali m'dzina lawo.

"Mudzasinthe mawa, muikepo lanu," anatero mayi Zaituni. "Lero lisiyeni. Tsopano tisewere monga tinkachitira. Ine ndine dokotala. Wodwala salankhula zambiri, amaika kadontho pamene pakupweteka n'kutchula dzina lake. Senhor Jamali, onde dói? Pakupweteka pati?"

Ndinaika kadontho kakuda pachifuwa cha munthu uja.

"Peito," ndinatero.

Kadontho kofiira kanabwera pambali pake. Kenaka kabuluu. Kenaka kobiriwira. Timadontho tinayito tinakhala pamodzi pachifuwapo.

Patapita kanthawi kadontho kena kobiriwira kanaoneka pamwendo.

"Nanga apo, mayi Laurinda?" anafunsa dokotala wathu.

"Nyerere. Zayambanso. Koma zangoyamba tsopano, nthawi yonseyi sindinazimve."

Tinaseka tonse, misozi ili m'maso. Tisanatseke, mayi Zaituni anati auza onse amene anathawa kuti Lolemba abwere ndi zala zawo. Ine ndinalonjeza kujambula msewu ndi kashapa kaja. Mayi Laurinda analonjeza kukagwetsera mumtsinje.

Amayi amenewa ndimawathokoza mpaka lero. Ine ndinaphunzira za uphunzitsi m'kalasi ya njerwa, koma amene anandionetsa kuti bolodi ndi la ophunzira ndi ogulitsa nsomba, nyemba ndi zitumbuwa.

6. Pempho la mayi Mwanahawa

Madzulo a tsiku lomwelo, dzuwa lisanalowe, ndinapita kwa amjomba kukawafotokozera. Ndinapeza mayi Mwanahawa ali kale pomwepo, atakhala pabenchi, mbale ya zitumbuwa yovundikira ili pamiyendo.

"Izi ndi zanu, aphunzitsi," anatero. Aka kanali koyamba kuti iwo anditche choncho. "Si zopepesera ayi. Ndi za tsiku lotsuka. Ku madrasa tinkapita ndi kanthu kwa mwalimu."

Ndinalandira ndi manja awiri.

Anatsokomola. Chinali chifuwa chouma, chochokera pansi, ndipo chinatenga nthawi kuti chileke. Amjomba anaimitsa makina.

"Mukuganiza kuti phunziro lija ndinaliloweza chifukwa cha manyazi okha?" anatero atapeza mpweya. "Chifuwachi chandikhalitsa. Anamwino akuno akuti ndipite ku Cuamba akandijambule. Kale ndikanatenga mdzukulu wanga kuti akandilankhulire. Koma pali zina zimene mayi sangauze dokotala kudzera pakamwa pa mwana. Ndikufuna ndikanene ndekha."

"Mukanena bwino, mayi. Ndakumvani lero."

"Pa foni n'kosavuta. Pamaso pa munthu wovala zoyera lilime limalemera. Ndiye ndabwera kudzapempha. Tipite limodzi Lachiwiri, pa shapa ya m'mawa. Musakandilankhulire. Mukangoima pambali, monga mwalimu amaimira mwana akamanena phunziro."

Ndinayang'ana pansi. Ku Cuamba ndi kumene ndinatulutsa achemwali atakutidwa nsalu. Ndi komwenso kuli sukulu imene ndinaisiya osatsanzika, ndi anzanga amene mafoni awo ndinaleka kuyankha.

"Mayi, ku Cuamba ine..."

"Ndikudziwa, mwananga. N'chifukwa chake sindinatume munthu, ndabwera ndekha. Musayankhe lero."

Ananyamuka, namanga bwino mpango wawo, natsanzika. Tinawayang'ana akutsika ndi msewu wa kumalire, akuima pang'ono kuti atsokomole, kenaka n'kupitiriza.

Ndinadikira kuti amjomba ayambe kulankhula. M'malo mwake anapisa dzanja m'thumba la nsalu pansi pa makina, natulutsa malaya oyera. Anali malaya anga a kusukulu, amene ndinawataya pakona tsiku limene tinafika ndi maliro. Anali ochapidwa, koma batani la pachifuwa linali litathothoka.

Amjomba anatsegula kachitini ka mabatani, nayamba kusankha loyenerera.

"Lachiwiri si kutali," anatero. "Tagwira singanoyi undilowetsere ulusi, maso anga atopa."